Olamula gogoda amayenda pagalimoto

Pa zidziwitso za ntchito zimene zimamatidwa pazitseko za masitolo, mahotela ndi maofesi muno mu Tete sipalephera kupezeka mawu achipwitikizi akuti boa apresentação, kutanthauza kuoneka bwino. Palibe angatsutse zoti munthu wolandira alendo kapena wogwira ndalama za anthu azioneka bwino. Koma mwamuna akavala shati yosita, buluku ndi nsapato zopolisha, nkhani yathera pomwepo. Mkazi amamuwonjezera pakamwa zimene papepala palibe: siketi yogwira thupi ndi nsapato zagogoda. Mtsikana amene wakhala akuponya makalata kwa miyezi osayankhidwa safunsa kawiri. Amangoti "chabwino, bwana," n'kupita kukasankha gogoda pa mulu wa kalamidade, zovala za kaunjika, ku msika wa Kwachena.

Ine ndikuti chizolowezi chimenechi chithe, kaya chinalembedwa m'malamulo a kampani kaya chimangonenedwa ndi diso la abwana. Amene amachilamula ndi anthu oti m'mawa amachoka pakhonde la simenti, kulowa m'galimoto yozizira, n'kukatsikira pakhomo penipeni pa ofesi. Amene amachilipira, ndi thupi komanso ndi thumba, ndi mtsikana wa malipiro otsikitsitsa mu ofesimo, yemwe mzindawu amaudziwa ndi mapazi. Gogoda ndimazikonda, ndipo amene amazivala mwa kufuna kwake ndili kumbali yake. Chimene chimandiwawa ndi kukakamiza munthu kuvala chinthu chimene njira yake siilola, kenako n'kumamunyogodola akamavutika nacho.

Atsikana ambiri a kwathu, ochokera ku Angónia, Tsangano, Macanga kapena ku Zóbuè, akafika mumzinda amakapeza kanyumba ka lendi kutsidya kwa Zambezi, ku Matundo kapena ku Chingodzi, ena kunja kwenikweni monga ku Degue, pomwe mabanki ndi maofesi ambiri a boma ali pakati pa mzinda. Kuchokera pakhomo pake kukafika pa phula, njira ndi ya mchenga ndi miyala, ndipo mvula ikagwa madzi amakumba tingalande pakati pa nyumba. Nsonga ya gogoda yowonda ija kukula kwake ndi pafupifupi sentimita imodzi mbali zonse. Mayi wolemera makilogalamu 60 akaponda, kwa kamphindi gawo lalikulu la kulemerako limatsikira pa kansongako. Tayala la galimoto yaing'ono, pa malo aakulu chimodzimodzi, limakanikiza pansi ndi makilogalamu awiri kapena atatu okha. N'chifukwa chake galimoto imadutsa pamwamba pa dothi logwirana pomwe gogoda imalowa ngati msomali. Nsapato imeneyi ili ndi kachitsulo mkati mwa chidendene, ndipo inatchuka m'zaka za m'ma 1950 kuchokera m'nyumba za mafashoni za ku Paris ndi ku Italy. Anaipangira pansi posalala, pa makapeti ndi matailosi, poti wovalayo amufikitsa pakhomo ndi galimoto.

Onjezanipo dzuwa. Ife amene tinakulira kumapiri a ku Ulongwe, kumene June amafuna juzi ndi bulangete, tikatsikira m'chigwa cha Zambezi thupi limachita kudabwa. Mu October ndi November kutentha kuno kumapitirira madigiri 40. Mapazi a munthu amatupa kukatentha, amatupanso akaimirira nthawi yaitali, moti nsapato imene inakwana bwino m'mawa ikafika masana imakhala ikuluma. Gogoda imakankhira thupi kutsogolo, zala zimapanikizana kumphuno kwa nsapato, thukuta limaterereka mkati, matuza amabuka. Wovala tsiku ndi tsiku kwa zaka amayamba kumva maondo ndi chiuno, ndipo akatumba amafupika moti tsiku limene wavala nsapato yafulati kumbuyo kwa mwendo kumakoka. Kubinya kakolo n'kosavuta, mwala umodzi wosakhazikika ndi wokwanira. Zimenezi madokotala a mafupa anazinena kalekale, ndipo mayi aliyense amene anagwirapo ntchito yoimirira amazidziwa popanda womuuza.

Akafika pa paragem, pokwerera ma minibasi otchedwa chapa, pamakhala nkhondo ina. Nthawi ya m'mawa chapa sidikira munthu. Ikangoima anthu amaithamangira, ndipo amene sangathamange amatsala. Siketi yothina imafupikitsa sitepe, gogoda imaifupikitsanso, ndiye mtsikana uja amafika pachitseko malo atatha. Akapeza mwayi wokwera, popondera m'pamwamba, bondo silingakwere momasuka, ayenera kutembenuka cham'mbali, dzanja lina chikwama, lina likukokera siketi pansi, kondakitala akukuwa kuti afulumire. Mkati muli mothithikana, awerame, adutse pakati pa maondo a anthu, ndipo kansonga kaja kakatera pa phazi la mayi wovala patapata, mawu amene atuluke pamenepo si oti n'kuwalemba. Akachedwa ku ntchito, abwana omwe analamula zovalazo ndi amene amamukalipira.

Ena amasankha kuwoloka mlatho wa Samora Machel wapansi kuti asunge ndalama. Mlathowu, umene unatsegulidwa mu 1973, ndi wautali mamita oposa 700, ulibe mthunzi, umanjenjemera galimoto zikamadutsa, ndipo uli ndi mipata polumikizira zigawo zake. Wovala nsapato wamba mipatayo saiona n'komwe. Wa gogoda amayenda maso ali pansi kuyambira tsidya lino mpaka tsidya linalo.

Koma pamene mtima wanga umagunda kwambiri ndi pa mota. Njinga zamoto zonyamula anthu ndi zimene zikuyendetsa mzindawu masiku ano, chifukwa zimalowa m'njira zimene chapa siifika ndipo sizidikira kudzaza. Wokwera kumbuyo kuti akhale wotetezeka amayenera kukhala chotangadza, mwendo uku mwendo uku, mapazi onse awiri pa zopondera, maondo atagwira njingayo. Siketi yothina siilola zimenezo pokhapokha itakwezedwa mpaka m'ntchafu, ndipo mtsikana wolemekeza thupi lake sangachite zimenezo pakati pa anyamata a pa siteji. Ndiye amakhala cham'mbali, miyendo yonse mbali imodzi, phazi limodzi lopondera, linalo likulendewera, dzanja limodzi litagwira kachitsulo kakumbuyo. Kukhala koteroko kulibe chogwirira. Woyendetsa akakhota mwamphamvu, akamanga mabuleki mwadzidzidzi, kapena akagwera m'dzenje, wokwerayo amapita chagada, mutu ndi umene umayamba kufika pansi, ndipo helemeti ya wokwera kumbuyo ndi anthu ochepa amene amakhala nayo. Gogoda nayo siikhazikika pa chopondera, imakola kapena kuterereka. Potsika, mwendo wosaphimbidwa umakhudza paipi yotulutsa utsi. Yang'anani akatumba a azimayi pa mzere wa ku banki kapena kutchalitchi, muona zipsera zozungulira zakuda, zambiri mbali ya kumanja. Ndi za mota zimenezo.

Woyendetsa mota amene amati "mana, khalani bwino, cham'mbali sindinyamula" ndimamulemekeza, ngakhale amataya kasitomala. Koma iye sangakonze vutoli, chifukwa mtsikanayo sanavale siketiyo pofuna kukwera mota. Wavala chifukwa kumene akupita akamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Choncho lamulo la kavalidwe la mu ofesi limatuluka mu ofesimo n'kukasankha mmene munthu akhalire pa njinga yothamanga pakati pa malole. Amene analilamula sadzamva n'komwe kuti ngozi ija ili ndi dzanja lake.

Ndikudziwa yankho limene limabwera msanga: walira mvula walira matope. Anafuna kuoneka wa mutauni, apirire. Mwambiwu ndi woona pamalo pake, koma pano aunamizira. Mtsikanayu analira ntchito. Analira ndalama ya lendi, ya fizi ya mng'ono wake, ya feteleza wa amayi ake kumunda wa mbatata ku Tsangano. Gogoda anazipeza zitamangiriridwa ku ntchitoyo, ndipo kumene ofunsira ntchito ndi ambiri kuposa malo, wokana gogoda amadziwa kuti kunja kuli wina amene avomere.

Yankho lina ndi laulemu kuposa limenelo, ndipo liyenera kumvedwa. Eni mabizinesi amati kampani ili ndi ufulu wosankha yunifolomu, ndipo kasitomala amakhulupirira malo amene antchito ake akuoneka aukhondo ndi adongosolo. Ndikuvomereza zonse ziwiri. Sankhani mtundu, sankhani nsalu, lamulani kuti nsapato ikhale yotseka, yakuda, yopukutidwa. Anamwino amagwira ntchito yolemekezeka atavala nsapato zafulati, apolisi aakazi chimodzimodzi, ndipo mwamuna wokhala pa kauntala yoyandikana ndi ya mtsikana uja amaoneka wadongosolo chidendene chake chili pansi. Palibe kasitomala amene anabweza ndalama zake chifukwa womuthandiza anafupika ndi masentimita 8. Ngati kutalika kwa chidendene ndi kuthina kwa siketi kukufunidwa kwa akazi okha, ndiye kuti chimene chikugulitsidwa pamenepo ndi thupi la wantchitoyo, ndipo zimenezo sizinalembedwe mu kontrakiti yake.

Chigawo chathu chino chili ndi chitsanzo pafupi. Makampani a malasha ku Moatize salola munthu kuponda kumgodi popanda majombo olimba ndi chisoti, ndipo zimenezo amapereka okha, chifukwa amadziwa kuti phazi la wantchito likavulala pa ntchito mlandu ndi wawo. Nzeru imeneyo ndi yabwino. Nanga imathera kuti tikafika pa mayi amene amaimirira maola 8 pa tsiku polandira alendo? Wa kumgodi amapatsidwa nsapato yomuteteza, wa pa kauntala amalamulidwa nsapato yomuvulaza, n'kuuzidwanso kuti agule yekha.

Maiko ena anakambirana kale nkhaniyi. Ku London mu December 2015, Nicola Thorp anabwezedwa kunyumba osalipidwa chifukwa chokana kuvala gogoda pa ntchito yolandira alendo. Chikalata chake chodandaula chinasainidwa ndi anthu oposa 150,000, ndipo nyumba ya malamulo inachikambirana mu March 2017. Lamulo la dziko silinasinthe, koma kampani imene inamutuma inasintha lake. Chaka chomwecho cha 2017 chigawo cha British Columbia ku Canada ndiponso dziko la Philippines analetsa olemba ntchito kukakamiza akazi kuvala gogoda. Ku Japan, Yumi Ishikawa anayambitsa madandaulo ofanana mu 2019, ndipo mu 2020 kampani ya ndege ya Japan Airlines inalola antchito ake aakazi kuvala mabuluku ndi nsapato zopanda gogoda. Ambiri mwa amenewo ndi malo a misewu yosalala ndi masitima. Ngati kumeneko anaona kuti n'kulakwa, kuli bwanji kuno kwa mchenga, miyala ndi mota?

Za thumba sizitenga nthawi kufotokoza. Wanzeru amayenda ndi mapeyala awiri, patapata kapena nsapato yafulati ya panjira, gogoda m'chikwama, n'kusinthira pakona asanalowe. Ndi nzeru yabwino ndipo ndimailangiza, koma tanthauzo lake n'lakuti iye amagula kawiri pamene mwamuna mnzake amagula kamodzi. Kamphira kakunsi kwa chidendene kamatha msanga pa miyala yathuyi, kachitsulo kamatulukira, nsapato imayamba kuterereka pa matailosi, ndiye ulendo wa kwa wosoka nsapato. Tsiku limene mapazi akana, amakwera txopela, kanjinga kamoto ka matayala atatu, yomwe ndi yokwera mtengo kuposa chapa. Zonsezi zimachoka pa malipiro omwewo.

Tsopano za amene amavala mwa kufuna kwawo. Alipo ambiri, ndipo sindikufuna wina atenge mawu angawa n'kukawakwapula nawo. Pali chimwemwe chenicheni chimene mtsikana amamva akavala siketi yomukwana bwino ndi nsapato yomutalikitsa pa tsiku la ukwati wa mnzake, pa tsiku lolandira digiri, kapena Lamlungu wamba pamene mtima wangofuna. Mwana amene anakulira kumudzi akusenza madzi ndi nkhuni, lero wagwira ndalama yakeyake n'kugula nsapato imene ankaiona pa TV, ali ndi chifukwa chonyadira, ndipo ine ndimanyadira naye. Iye amadziwa mtengo wake, amasankha tsiku, amasankha mtunda woti ayende. Akatopa amavula popanda womuopseza kuti ntchito itha. Ufulu womwewo ndi umene ndikupemphera mnzake wa pa kauntala.

Chimene onse awiri amakumana nacho mofanana ndi pakamwa pa amuna a mumsewu. Likhweru, mawu otukwana, kumutchula hule, dzanja lomugwira podutsa, kuwowoza kwa gulu lonse akapunthwa. Ena amati ndi nthabwala chabe. Aliyense amene anayendapo pakati pa gulu lotere ali yekha amadziwa kuti mantha ake ndi enieni, chifukwa amadziwa kumene zimathera. Abale athu a ku Malawi, amene timalankhula nawo chinenero chimodzi ndi kugulitsana nawo malonda pa Calómuè ndi pa Zóbuè, anaziona. Kumeneko lamulo la 1973 linkaletsa akazi kuvala mabuluku ndi masiketi aafupi, ndipo linachotsedwa pamene ulamuliro wa chipani chimodzi unkatha. Komabe mu January 2012, patapita zaka pafupifupi 20, magulu a anyamata a m'misika ya ku Lilongwe ndi ku Blantyre anavula azimayi pagulu chifukwa cha zovala zomwezo, mpaka azimayi anachita msonkhano waukulu wodandaula ndipo pulezidenti Bingu wa Mutharika ananena poyera kuti mkazi ali ndi ufulu wovala chimene akufuna. Ku Nairobi mu November 2014 zinachitikanso pa siteji ya mabasi. Lamulo likhoza kufufutidwa m'buku koma n'kutsala m'mitu ya anthu, ndipo likatsala mmenemo aliyense amadziyesa wapolisi.

Kwathu kuno nako tili ndi mbiri yoti tiikumbukire. Mu 1983, pa nthawi ya Operação Produção, anthu amene ankaonedwa ngati osagwira ntchito anachotsedwa m'mizinda n'kutumizidwa kumadera akutali monga ku Niassa, ndipo pakati pawo panali azimayi osakwatiwa amene anangoganiziridwa uhule. Mu 2016, atsikana a m'sukulu atalamulidwa kuvala masiketi aatali ngati njira yothetsera nkhanza zimene amachitiridwa, azimayi amene anakadandaula mumsewu ku Maputo anagwidwa ndi apolisi, ndipo mmodzi wa ku Spain, Eva Anadón, anathamangitsidwa m'dziko. Funso limene ankafunsa silinayankhidwebe: n'chifukwa chiyani mwamuna akalakwa timakayeza siketi ya mkazi? Gawo 36 la malamulo aakulu a dziko lathu limati mwamuna ndi mkazi ndi ofanana pamaso pa lamulo m'mbali zonse za moyo, za ndale, za chuma, za chikhalidwe. Msewu uli m'gulu la mbali zimenezo.

Amene amati "akanavala kapulana sizikanachitika" akafunse amayi ogulitsa tomato ndi nsomba pamsika ngati kapulana inawatetezapo ku pakamwa pa amuna. Siinatero. Ndipo tinene zoona, kapulana yomangidwa bwino nayo imafupikitsa sitepe, nayo imakakamiza mayi kukhala cham'mbali pa mota, ndipo nsonga yake ikalendewera imatha kukodwa mu tcheni kapena m'masipoko n'kumugwetsa. Kapulana ndi ulemerero wathu, pa 7 April timaivala dziko lonse pokumbukira Josina Machel, ndipo ine sindingaisinthanitse ndi chilichonse. Koma kuisandutsa chikwapu chomenyera atsikana ndi kuinyoza.

Apa ndikulankhula ndi ife amayi akuluakulu, chifukwa mawu ena opweteka kwambiri amachokera kwa ife. Mu chapa, mtsikana akamavutika kukwera, kawirikawiri amene amayamba kutsonya ndi mayi. Timati tikulangiza, koma malangizo a anankungwi ankaperekedwa m'nyumba, chapansipansi, ndi munthu wodziwa dzina la mwanayo. Kumuchititsa manyazi pagulu kumangopatsa mphamvu anyamata aja, amene amamva kuti ngakhale amayi ali mbali yawo. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mulandireni chikwama, musendereni malo, ndipo kondakitala akayamba mwano mudzudzuleni iyeyo. Ngati muli ndi mawu okhudza mota ndi kukhala cham'mbali, amenewo ndi mawu opulumutsa moyo, muuzeni mwachikondi. Ine ana a abale anga ndimawauza mosabisa: pa mota valani buluku kapena siketi yotakasuka, khalani chotangadza, pemphani helemeti, gogoda ikhale m'chikwama mpaka mutafika.

Mzinda nawo uli ndi ngongole yake. Kalembera wa 2007 anapeza anthu oposa 150,000 mu mzinda wa Tete, wa 2017 anapeza oposa 300,000. M'zaka khumi anthu anawirikiza kawiri, makamaka chifukwa cha malasha a ku Moatize. Pa zaka zomwezo panamangidwa mahotela, nyumba zosanja, ndiponso mlatho wachiwiri wa Kassuende, umene unatsegulidwa mu 2014 kuti malole olemera opita ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe asamadutse pa mlatho wakale. Zonsezo n'zabwino. Koma zikuonetsa amene ankaganiziridwa: katundu, lole, galimoto. Woyenda pansi, amene ndiye wochuluka, anatsala ndi zotsalira. Kumene njira ya m'mbali mwa msewu ilipo, upeza yathyoka, kapena paimikidwa galimoto, kapena pali dzenje la ngalande lopanda chivundikiro. Kumene kulibe, munthu amayenda m'mphepete mwa phula akupikisana ndi mota. Ogulitsa malonda amene amayala pa njirazo sindiwaimba mlandu waukulu, akufuna chakudya ndipo malo m'misika ndi ochepa. Mwini galimoto amene amaikweza pa njira ya anthu kuti ikhale pamthunzi alibe chowiringula.

Wina anganene kuti boma lili ndi zofunika zambiri kuposa kusalaza njira kuti madona ayende bwino. Koma dzenje limene limathyola gogoda ndi lomwelo limene limagwetsa agogo oyenda ndi ndodo, mayi woyembekezera, wosaona, ndi mwana wa sukulu usiku magetsi akazima. Dziko lino linalengezedwa kuti lathana ndi mabomba okwirira mu September 2015, koma anthu amene anaduka miyendo ndi mabombawo tili nawo, ndipo amayenda m'njira zomwezi ndi ndodo kapena pa njinga za olumala. Amenewa ambiri amangokhala kunyumba chifukwa msewu unawakana, ndiye sitiwaona. Wa gogoda timamuona, chifukwa ayenera kufika ku ntchito 7:30 zivute zitani. Kuvundikira ngalande, kuchotsa galimoto pa njira za anthu, kujambula malo owolokera pafupi ndi misika ndi masukulu, kudzala mitengo ya mthunzi m'misewu ya mzinda wotentha chonchi, zimenezi mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi mlatho.

Komabe njira zimatenga zaka ndi bajeti, pamene lamulo la gogoda lingathe Lolemba likubwerali popanda kuwononga ngakhale metikali imodzi. Mwini sitolo, mkulu wa hotela kapena wa nthambi ya banki angoitana antchito ake aakazi n'kuwauza momveka kuti nsapato yafulati yotseka ndi yololedwa, buluku ndi lololedwa, siketi yotakasuka ndi yololedwa, ndipo palibe amene adzaonedwe ngati waulesi chifukwa chosankha zimenezo. Anene poyera, pamaso pa onse, chifukwa lamulo losalembedwa silifa ndi kungokhala chete, mtsikana watsopano amaona zimene anzake avala n'kuganiza kuti ndiye zofunika. Mabungwe a antchito, kuphatikizapo OTM, aiike nkhaniyi pa mndandanda wa zaumoyo ndi chitetezo pa ntchito, pamodzi ndi majombo ndi zisoti. Ndipo oyendera malo a ntchito a ku Inspecção do Trabalho akafika pa hotela kapena pa sitolo, atatha kuona makontrakiti ndi zozimitsira moto, amutengere pambali mayi wa pa kauntala, abwana asakumva, amufunse ngati nsapato wavalazo anasankha yekha, ndiponso kuti amaimirira nazo maola angati.